Za Msilikari ndi Mau a Kumudzi

Pa mwambo wa makolo athu uthenga unali kuyenda ndi miyendo ya munthu. Wina akamwalira, eni maliro anali kusankha anyamata, nawatuma kwa abale onse a kutali. Ndipo mbale amene sanauzidwe anali ndi mlandu pa iwo amene anamdumpha. Mwana akabadwa, mau anali kupita kucimuna. Ukwati ukagwedezeka, ankhoswe a mbali zonse ziwiri anali kuitanidwa. Kuuzidwa ndiko kunali cizindikiro cakuti munthu akali kuwerengedwa pakati pa abale ace. Tsono pofuna kumvetsa kupukwa kwa amuna a dziko la Ludzi amene anapita ku nkhondo ziwiri zazikuru, ya 1914 ndi ya 1939, tiyenera kuyambira pa mwambo umenewu. Pakuti nkhondo inawatengera kumene mthenga wa m'mudzi sakanatha kufika, ndipo msilikari polira kalata anali kulira malo ace pa mudzi.

Dziko la m'malire

Ludzi ali m'boma la Mchinji, limene masiku a Angerezi linali kuchedwa Fort Manning. M'dziko limeneli Acewa ndi Angoni akhala mophatikizana ciyambire nthawi ya Mpezeni, amene anagonjetsedwa ndi asilikari a Angerezi m'mwezi wa January 1898. Malire amene Azungu analemba anadula pakati pa abale: ena anatsala mbali ya Nyasaland, ena mbali ya Northern Rhodesia, kuyang'ana boma la Fort Jameson, ndilo Chipata wa lero, ndipo kumwera kunali dziko la Apwitikizi.

Anthu a m'malire sanali alendo pa nkhani ya maulendo. Msonkho utakhazikika, anyamata ambiri anayamba kupita ku Harare ndi ku Joni kukafuna ndalama. Bungwe limene Boma linaika m'caka ca 1935 kuti lifufuze za maulendo amenewa linapeza kuti amuna a Nyasaland okhala kunja anali ngati 120,000. Pamenepo panabuka dzina lija lowawa lakuti mchona, ndiye munthu amene anapita, naleka kutumiza mau, naiwalika. Koma pakati pa mchona ndi msilikari panali kusiyana kwakukuru. Mchona anakhala cete mwa kufuna kwace, ndipo akafuna anali womasuka kunyamuka ndi kubwerera. Msilikari sanali mwini miyendo yace. Sanaloledwe kubwera pa maliro, ngakhale kuchula malo amene anali. Mantha ace anali akuti kwao adzamuyesa mchona, iye asanaiwale munthu ndi mmodzi yemwe.

Nkhondo ya ciwaya

Nkhondo yoyamba inalowa m'dziko lino msanga. M'mwezi wa August 1914 sitima ya Guendolen inaononga sitima ya Ajeremani imene inali pa dooko la Sphinxhaven, tsidya la nyanja. Ndipo pa 9 September kunamenyedwa nkhondo ya ku Karonga. Anthu anaicha nkhondo ya ciwaya, cifukwa ca mfuti ija yolira mosalekeza ngati cimanga cothetheka pamoto. Amuna a Nyasaland amene anabvala zobvala za usilikari anali ngati 19,000. Koma amtengatenga, onyamula cakudya ndi zipolopolo pamutu, anali pafupifupi 200,000, ndipo ambiri a iwo anacita kugwidwa m'midzi. Kuno kumalire ena anapulumuka pothawira m'chire, ena podumphira kwa Apwitikizi.

John Chilembwe anaona kale cimene cinali kudza. M'mwezi wa November 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kalata yodandaula kuti osauka a dziko lino ali kufera nkhondo yosakhala yao, ndi kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye opanda wowasamala. Boma linaletsa kalatayo kuti isafalikire, koma zimene ananenazo zinacitikadi.

Pa nkhondo imeneyo kalata inali cinthu cosowa. Odziwa kulemba anali owerengeka, ndipo mtengatenga woyenda m'mapiri a German East Africa, wanjala ndi wodwala kamwazi, analibe pepala kapena munthu womtengera mau. Mbiri inali kufika kumudzi ndi pakamwa pa obwerera okha. Wina akatulukira pa bwalo, woonda ndi wotupa mapazi, akazi a midzi yonse yozungulira anali kumuunjirira ndi kumfunsa za amuna ao. Ndipo kawirikawiri iye anali kungodziwa kuti uje anatsala m'njira akudwala, osadziwa ngati anacira. Mkuru wa nkhondo wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anapereka zida zace ku Abercorn, ndiyo Mbala ya lero, pa 25 November 1918. Koma miyezi yomweyo cimfine cacikuru cinalowa m'dziko, nicipha ambiri a iwo amene zipolopolo zinawasiya, ena ali pa njira ya kwao.

Akufa ambiri sanalembedwe maina. M'caka ca 2021 bungwe losunga manda a asilikari, la Commonwealth War Graves Commission, linabvomera poyera kuti akufa a nkhondo ija osacepera 116,000, ocuruka a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi maina ao monga anacitira ndi Azungu. Cimene bungwelo linabvomera patapita zaka 100, amai a m'midzi yathu anacidziwa kale, pakuti anakalamba akuyang'ana kunjira.

Nkhondo yaciwiri ndi maiko a kutali

Pa nkhondo ya 1939 amuna a Nyasaland pafupifupi 30,000 analembedwa usilikari, ambiri m'gulu la King's African Rifles, limene anthu analifupikitsa nalicha Keyala. Abale ao a tsidya la malire analowa gulu la Northern Rhodesia Regiment, limene nalonso linali kulamulidwa m'Cinyanja. Motero anthu a cinenero cimodzi, olekanitsidwa ndi mzere wa pa mapu, anakakomana kutali. Pa Tug Argan, m'dziko la Somaliland, m'mwezi wa August 1940, gulu laciwiri la Keyala ndi gulu loyamba la Northern Rhodesia anaima pamodzi poyang'anana ndi Ataliana. Ndipo magulu awiri omwewo anayendanso pamodzi ku Burma.

Ulendo wao unali wautali koposa maulendo onse amene makolo anawadziwa. Anamenya nkhondo ku Moyale, m'malire a Kenya ndi Abyssinia, m'caka ca 1940. Gondar anagwa m'mwezi wa November 1941. M'caka ca 1942 ena anaoloka nyanja yamcere kunka ku Madagascar, ena ku Ceylon. M'caka ca 1944 gulu lalikuru la 11th East African Division linatsika cigwa ca Kabaw ku Burma, m'kati mwa mvula yosakata, m'matope ndi malungo, kupitikitsa Ajapani kufikira mtsinje wa Chindwin, limene linaufika kumapeto kwa caka. Munthu wobadwira pakati pa mitsinje ya Bua ndi Rusa, amene nyanja ya Nyasa yomwe anali asanaione, anapezeka kuseri kwa madzi oyenda masabata pa combo.

Cuma ca msilikari cinali chuthi, ndipo cinali cosowa. Kuwawa kwace kunaoneka ku Massawa m'mwezi wa February 1942, pamene asilikari a ku Kenya ndi Uganda a m'gulu la 25th East African Brigade anakana kukwera combo copita kum'mawa, cifukwa anali atakhala nthawi yaitali osaona kwao, ndipo chuthi cimene anaciyembekezera atagonjetsa Ataliana sicinaperekedwe. Amuna amenewa sanathawe zipolopolo ku Gondar. Cimene anakana ndico kuonjezera nyanja pakati pa iwo ndi ana ao. Kuyambira pamenepo akuru a nkhondo anazindikira kuti mau a kumudzi ali ngati cakudya ca msilikari.

Njira ya kalata

Tiyeni tsono titsate kalata imodzi, tione manja amene inapitamo. Msilikari wosadziwa kulemba anali kufuna mnzace wa m'gulu amene anapitako ku sukulu, namuuza mau, iye nalemba. Kalatayo inali kupita kwa mkuru woyang'anira makalata, amene anali kuiwerenga ndi kufafaniza dzina liri lonse la malo kapena la combo, kuti adani angadziwe kumene gulu liri. Ikaoloka nyanja ndi kulowa m'dziko lino, inali kukwera galimoto kufika ku Lilongwe, pakuti njanji inalekeza pa Salima m'caka ca 1935, ndipo sinafike ku Mchinji kufikira 1980. Kucokera ku Lilongwe panatsala mamailosi ngati 70 a mseu wapfumbi kufika ku Fort Manning. Pa boma inali kudikira mesenjala kapena munthu wa njinga woitengera ku bwalo la mfumu, ku sukulu kapena ku mishoni. Pakuti mudzi unalibe bokosi la makalata, ndipo kalata inali kulembedwa m'dzina la malo odziwika apafupi. Mishoni ya Kachebere inalipo ciyambire 1903, ya Guilleme ciyambire 1935, ndipo ya Ludzi inatsegulidwa m'caka ca 1942, nkhondo iri m'kati. Kalata ikafika, mkazi wosadziwa kuwerenga anali kupita nayo kwa mphunzitsi, kapena kwa mwana wa sukulu.

Taonani tsono: mau a mwamuna kwa mkazi wace anamvedwa ndi mlembi, ndi mkuru wa nkhondo, ndi wowerenga, asanalowe m'khutu la mwini wace, ndipo yankho linayenda njira yomweyo cobwerera. Akuru anati ukwati ndi anthu awiri, wacitatu ndi kapasule; koma ukwati wa msilikari unali ndi anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Pa mwambo wathu ziripo nkhani za m'nyumba zimene sizichulidwa pamaso pa mwana, ndi zina zimene mkamwini sanganene apongozi ali pafupi. Cifukwa cace makalata ambiri anadzala ndi moni: wolemba anali kunena kuti ali bwino, kaya iwo kumeneko, nachula amai, atsibweni, alamu ndi ana mmodzimmodzi, pakuti kudumpha dzina kunali mlandu monga kudumpha munthu pa uthenga wa maliro. Za kumtima zinali kubisika m'mafunso ooneka ang'ono, monga lakuti denga analifolera ndani caka cino.

Cimene msilikari anafuna kumva

Funso lotere silinali lacabe. Pakati pa Acewa mwamuna anali kukhala cikamwini, pa mudzi wa mkazi wace. Ana anali a mbumba ya kucikazi, ndipo mwini mbumba anali mtsibweni wao. Ulemu wa mkamwini unali m'manja mwace: kugwetsa mitengo pa mphanje, kulima munda wa apongozi, kuluka nkhokwe, kufolera nyumba, kucita fodya wa cikopa wopezera msonkho ndi nsaru. Iye akasowa zaka zitatu kapena zinai, nchito zonsezi zinagwera mkazi, kapena mwamuna wina. Ndipo eni mbumba, poona mlongo wao ali kubvutika, anali ndi mphamvu yakunena kuti ukwati watha. Pakati pa Angoni, kumene ng'ombe zinaperekedwa ndipo mkazi anatengedwa kunka kucimuna, ukwati unali wolimbako. Koma kumeneko nkhawa inali ya mkazi wokhala pakati pa alamu ndi apongozi popanda womnenera.

Panalinso cikhulupiriro ca makolo cakuti mwamuna akakhala pa ulendo woopsa kapena pa uzimba, mkazi ayenera kudzisunga, kuti tsoka lingamgwere mwamunayo kuthengo. Kwa munthu wogwira cikhulupiriro cimeneci, mbiri yoipa ya kunyumba inali nkhani ya moyo ndi imfa, pakuti m'mawa mwace anali kukayenda patsogolo pa mfuti za adani. Ndipo mbiri zoipa zinali ndi liwiro koposa zabwino. Mnyamata watsopano wocokera ku boma lomwelo akafika m'gulu, anzace anali kumzinga usiku womwewo. Mau amodzi olankhulidwa mosasamala anali kukwanira kumsowetsa munthu tulo miyezi yambiri, pakuti kufunsa ndi kuyankhidwa kunali kutha nyengo yathunthu. Madandaulo a asilikari amene anafika kwa ma D.C. ndi kwa mafumu anali obwerezabwereza: akazi otengedwa ndi ena, ndalama zosafika, ndi makalata osayankhidwa.

Nkhani ya ndalama iyenera kuchulidwa payokha. Msilikari anali kuloledwa kupatula gawo la malipiro ace kuti liperekedwe kwa munthu wa kwao kudzera pa boma. Koma pa ukwati wa cikamwini funso linali lakuti alembe dzina la yani: la mkazi wace, kapena la amace ndi alongo ace, amene pa mwambo iye anali nkhoswe yao? Akalemba mkazi, kwao anali kudandaula kuti waiwala bere limene anayamwa. Akalemba amace, apongozi anali kunena kuti mkamwini wataya banja. Milandu yotere pa mudzi inali kutha ndi kukhala pansi kwa ankhoswe tsiku limodzi; pa kalata inali kukoka caka.

Uthenga wa imfa

Colemera koposa zonse cinali uthenga wa imfa, ndipo unali kupweteka mbali zonse ziwiri. Msilikari anali kumva za imfa ya amace patapita miyezi, anthu atameta kale ndi kubalalika. Sanaponye dothi m'manda, sanagone pa siwa, sanametedwe pamodzi ndi abale ace. Analira yekha m'hema, pakati pa anthu a mitundu yina, lipenga la m'mawa nilimuitana ku perete monga masiku onse.

Kumudzi nako, msilikari akafa, mau anali kudza ndi pepala la Boma kudzera kwa D.C. ndi kwa mfumu, popanda mtembo, popanda munthu amene anaona ndi maso. Pa nkhondo yaciwiri maina anali kulembedwa bwino koposa pa yoyamba, ndipo ici cinali cifundo ndithu. Pakuti mkazi wouzidwa anali kulira maliro, nametedwa, nasudzulidwa ndi abale a mwamuna, nakhala womasuka. Watsoka anali iye amene sanalandire kalata kapena pepala la imfa. Sanali wamasiye, sanalinso wapabanja. Akadikira, zaka za ubereki zinali kupita. Akakwatiwa, tsiku lina mwini nyumba akanatha kutulukira ndi bokosi lace pamutu. Ndipo zoterezi zinaonekadi m'mabwalo a mafumu nkhondo itatha.

Zimene Boma linayesa, ndi zimene asilikari anadzicitira

Boma linayesa njira zingapo. Linasindikiza nyuzipepala ya Nkhani za Nyasaland. Tsidya la malire kunali ya Mutende, imene inayamba m'caka ca 1936, ndipo inali ndi masamba a Cinyanja. Nyumba ya wailesi ya ku Lusaka inayamba kuulutsa mau m'zaka zoyamba za nkhondo, kuti anthu amve za ana ao. Koma mawailesi anali pa maboma ndi pa malo owerengeka, ndipo wailesi yochipa ija yonga sefuliya inafika m'midzi m'caka ca 1949, nkhondo itatha kale. Ma D.C. anauzidwa kutumiza ku magulu mbiri za m'maboma ao, za mvula, za zokolola ndi za milandu. Zonsezi zinathandiza pang'ono. Koma mbiri ya boma lonse siingauze munthu ngati mwana wace wayamba kuyenda.

Cimene cinathandiza koposa asilikari anacigwira ndi manja ao. Gulu la aphunzitsi a nkhondo, la East African Army Education Corps, linaphunzitsa aphunzitsi ace pa sukulu ya Jeanes ku Kabete, m'dziko la Kenya, nilinawatumiza m'magulu; ndipo amuna aakuru, ena a ndebvu, anakhala pansi kuphunzira a, e, i, o, u m'misasa ya ku Ceylon ndi India. Cinawakoka ambiri ndico kufuna kucotsa mlembi pakati pa iwo ndi akazi ao. Koma kucotsa mlembi wa ku nkhondo kunali theka la nchito, pakuti wowerenga wa kumudzi anatsalabe. Ndipo amuna otere anabwera atadziwa mwa kuwawa phindu la kuti mwana wamkazi nayenso adziwe kuwerenga.

Kubwerera

Nkhondo inatha ku Ulaya m'mwezi wa May 1945, ndi ku Japan m'mwezi wa August. Koma zombo zinali zocepa, ndipo ambiri anadikira m'misasa ya ku India, nafika kwao m'caka ca 1946. Ena anapeza nyumba iri ciriri, mkazi atasunga makalata onse m'kathumba pa tsindwi, ndi mwana wosawadziwa akubisala kumbuyo kwa amace. Ena anapeza bwinja, kapena mwamuna wina pa khonde. Ena, atazolowera ulendo ndi kusowa pogwira, sanakhalitse, anapitirira ku Harare. Koma ocuruka anakhala, nagwiranso khasu, pakuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Ku Zomba kuli nsanja ya cikumbutso ca asilikari a Keyala, ndipo caka ndi caka m'mwezi wa November akuru a dziko amakumbukira akufa a nkhondo. Cikumbutso cina ciri m'kamwa mwathu. Mau akuti kalata tinawalandira kwa Apwitikizi. Lamya ndi positi zinadza ndi Angerezi. Ndipo mau akuti keyala ali ndi matanthauzo awiri m'cinenero cathu: gulu lija la asilikari, ndiponso malo olembedwa pa envulopu kuti kalata ipeze mwini wace. Agogo athu anawadziwa matanthauzo onse awiri pa nthawi imodzi.

Masiku ano ana a dziko la Ludzi ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo asilikari a Malawi atumikirapo pa nchito yosungitsa mtendere ku Congo. Lamya ya m'manja yacotsa mlembi, mesenjala ndi wowerenga. Mau amene kale anayenda miyezi afika tsopano munthu asanatsirize kupuma. Koma lamulo la makolo silinasinthe. Wa kutali ayenera kuuzidwa za maliro, za mwana wobadwa ndi za mlandu wa pa banja, ndipo iyenso ayenera kutumiza mau, angakhale alibe ndalama yotumiza nao. Inu amene muli ndi mbale kunja, musadikire kuti ayambe ndiye. Cibale ndi pfupa, siciola. Koma amene anagona m'matope a Kabaw akadakuuzani kuti munthu wosamva za kwao amayamba kukaika ngati kwaoko akali kumchula dzina.